Kalata yotseguka kwa oyang'anira maulendo a ndege: musanayambe kuyeza mitu ya oyendetsa ndege pa wailesi

Akuluakulu a mabungwe opanga malamulo a za ndege, a makampani a ndege, ndi a malo olondolera ndege,

Ndakulemberani pa nkhani ya mawu amene mukusunga kale. Malamulo a ICAO, bungwe la United Nations loona za maulendo a ndege, amati zonse zimene woyendetsa ndege amalankhulana ndi womulondolera pa wailesi zijambulidwe, ndipo zisungidwe masiku osachepera 30. Kwa zaka zambiri mawu amenewo ankangokhala kudikira ngozi, ngozi ikapanda kuchitika n'kufufutidwa. Lero makompyuta aphunzira kumva zolankhula n'kuzilemba, ndipo akatswiri akubwera kwa inu ndi nzeru yakuti tiziyeza pa mawu omwewo kuti mutu wa woyendetsa ndege walemedwa motani. Nzeruyo sindikuikana ayi. Pempho langa n'lakuti muyezowo uziloza ntchito imene munthu wasenzetsedwa, malo ake ndi ola lake. Mukangoulozetsa pa dzina la munthu, oyendetsa ndege adzasintha kalankhulidwe, ndipo mudzatsala ndi mawu osalala amene sakuuzani kanthu.

Ndikumvetsa chimene chakukopani. Kuyeza kulemedwa kwa maganizo n'kovuta kuyambira kale. Njira yotchuka kwambiri, NASA-TLX, imene Sandra Hart ndi Lowell Staveland anasindikiza mu 1988, ndi yofunsa munthu mafunso asanu ndi limodzi akamaliza ntchito: mutu unagwira ntchito bwanji, thupi bwanji, nthawi inamupanikiza motani, anachita khama lotani, anakhumudwa motani, ndipo iye mwini akuona kuti wachita bwino bwanji. Koma munthu amayankha zitatha, mtima utatsika, ndipo amene watera bwino amaiwala msanga mmene anatulukira thukuta. Njira zina n'zomata mawaya pachifuwa, kuika kamera yoyang'ana m'maso, kapena kumuveka chipewa choyeza ubongo. Izi zimatheka m'makina oyesererapo kuuluka. Pa ulendo weniweni wa anthu mazana awiri palibe amene angavomere. Wailesi ndiye ilipo kale, sifuna kuveka munthu chilichonse, ndipo simudodometsa.

Komanso mawu amaululadi. Mu 1969 Carl Williams ndi Kenneth Stevens anasanthula mawu a oyendetsa ndege amene anali pamavuto mumlengalenga, napeza kuti liwu limakwera mantha akafika. Ofufuza a pambuyo pawo anaonjezera zina: liwiro la kalankhulidwe, kuchedwa kuyankha, kudula ziganizo, kusokoneza manambala. Pa wailesi ya ndege pali lamulo lakuti wolondolera akapereka malangizo ofunika, woyendetsa awabwereze: kutalika koti akwere kapena kutsika, mbali yoti alowere, liwiro, msewu woterapo, nambala ya transponder (chida chozindikiritsa ndege pa makina a olondolera), ndi chiwerengero chotchera chida choyezera kutalika, chotchedwa QNH. Choncho pa ndege iliyonse pamakhala kamayeso ka kukumbukira kangapo pa ola, kamene yankho lake lolondola likudziwika kale. Kwa wofufuza, chuma choposa pamenepa n'chosowa.

Tsono tiyeni timvetsere limodzi mawu amene dziko lonse linawamva. Pa 15 Januwale 2009 ndege ya US Airways, Airbus A320, inawombana ndi atsekwe itangonyamuka pa bwalo la LaGuardia ku New York, injini zonse ziwiri n'kutha mphamvu. Dzina lake pa wailesi linali Cactus 1549. Kaputeni Chesley Sullenberger poitana anati Cactus 1539. Womulondolera, Patrick Harten, naye anayamba kuitchula kuti Cactus 1529. Onse awiri akatswiri, liwu losanjenjemera, koma nambala ya ndege yawapulumuka onse. Mayankho a kaputeni ankafupikirafupikira. Poyamba ananena chiganizo chathunthu, kuti tawomba mbalame, mphamvu yatha, tikubwerera. Atapatsidwa msewu woti aterepo anangoyankha liwu limodzi lotanthauza kuti sitingathe, lakuti "Unable." Atafunsidwa kuti akufuna msewu uti pa bwalo la Teterboro anati tikhala mu Hudson, kutanthauza mtsinje. Harten anapempha kuti abwereze, ndipo sanayankhidwenso.

Kompyuta ikanamva zonsezi ikanati mutu wa munthu uyu wadzaza, ndipo ikanalondola. Koma ikani chiwerengero chomwecho pa faelo ya munthuyo. Walakwitsa dzina la ndege yake, sakubwereza malangizo, wasiya kuyankha wolondolera. Pa pepala ndiye woyendetsa woipitsitsa wa tsiku limenelo, chonsecho anthu onse 155 anatuluka amoyo. Anasiya wailesi mwadala. Wophunzira aliyense amauzidwa kuyambira tsiku loyamba kuti choyamba ulutsa ndege, chachiwiri dziwa kumene ukupita, kulankhula kumabwera pamapeto. Wailesi ndi katundu amene woyendetsa wabwino amayamba kutula zinthu zikathina. N'chifukwa chake imaonetsa msanga kuti ntchito yachuluka, ndipo n'chifukwa chomwecho kuti siingakuuzeni ngati munthuyo akuigwira bwino ntchitoyo.

Kukhala chete nako kuli ndi nkhope ziwiri. Pa 1 Juni 2009 ndege ya Air France 447, yochoka ku Rio de Janeiro kupita ku Paris, inagwera m'nyanja ya Atlantic patangodutsa mphindi zinayi ndi masekondi angapo chichokereni pamene makina odziyendetsa anazima chifukwa cha madzi oundana m'timapaipi toyezera liwiro. Anthu 228 anafa, ndipo pa wailesi panalibe ngakhale liwu limodzi lopempha thandizo. Chaka chotsatira, pa 4 Novembala 2010, injini ya Airbus A380 ya Qantas inaphulika itangonyamuka ku Singapore. Oyendetsa anadziwitsa olondolera mwachidule, napempha malo oti azizungulira, kenako n'kutha pafupifupi mphindi 50 akulimbana ndi mauthenga a zowonongeka amene kompyuta ya ndege inkatulutsa. Anthu onse 469 anapulumuka. Amene akungomvera pa wailesi amva zii kuwiri konseko. Kwina kunali anthu osokonezeka, kwina anthu amene agawana ntchito mwadongosolo.

Choopsa kwambiri kwa ine ndi liwu lodekha. Usiku wa pa 29 Disembala 1972 ndege ya Eastern Air Lines 401 inkazungulira pamwamba pa madambo a Everglades pafupi ndi Miami, chifukwa kababu kosonyeza kuti tayala lakutsogolo latsika sikanayake. Onse a m'chipinda choyendetsera anali pa kababuko, ndipo palibe anaona kuti ndege yasiya mafiti 2,000 amene inapatsidwa n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono. Wolondolera ataona pa makina ake kuti ili pa mafiti 900 anangofunsa kuti zinthu zikuyenda bwanji kumeneko. Anayankhidwa mwaulemu, mosathamanga, kuti zili bwino, tikufuna titembenuke tibwere. Posakhalitsa ndege inagwa, anthu 101 n'kufa. Mitu yawo inali itatanganidwa kotheratu, koma analibe mantha, popeza sankadziwa kuti ali pangozi. Chida choyeza kunjenjemera kwa liwu chikanati zonse zili m'malo. Mantha ndi kulemedwa kwa maganizo zimayendera limodzi kawirikawiri, koma si chinthu chimodzi, ndipo amene akukugulitsani makina akazisakaniza muzimufunsa kuti akuyeza chiti.

Palinso funso limene ndimadabwa kuti silifunsidwa mokwanira: kodi akulankhulayo ndani? Mu ndege za oyendetsa awiri, mmodzi amaulutsa, mnzake amayang'anira zida ndi kugwira wailesi. Nthawi zambiri liwu limene mukulijambula si la amene manja ake ali pa chiwongolero. Wolankhulayo akhoza kukhala womasuka mnzake akulimbana ndi mphepo ya m'mbali pa mafiti 200 omaliza. Akhozanso kukhala iyeyo wopanikizika, akulemba njira yatsopano m'kompyuta ya ndege kwinaku akuwerenga mndandanda wa zoyenera kuchita, pamene woulutsayo akungoyang'anira makina. Ulendo wobwerera amasinthana. Pa Hudson paja kaputeni anagwira zonse ziwiri, chiwongolero ndi wailesi, kuti mnzake Jeffrey Skiles ayese kudzutsa injini, koma zimenezo sizichitika tsiku lililonse.

Nayo wailesi yeniyeniyo imadya mawu. Wailesi za ndege za VHF, zimene zili pakati pa 118 ndi 137 MHz, zimadutsitsa kachigawo kochepa ka liwu la munthu, kuyambira cha m'ma 300 Hz kufika cha m'ma 3,000 Hz. Tsinde la liwu la mwamuna wamkulu limakhala pansi pa pamenepo, pakati pa 85 ndi 180 Hz, ndiye kuti chinthu chimene ofufuza amati chimakwera ndi mantha sichidutsa chokha, kompyuta imachita kuchiwerengera kuchokera ku zotsalira. Onjezani phokoso. Étienne Lombard anaonetsa kale mu 1911 kuti munthu amakweza mawu mosadziwa akakhala paphokoso, ndipo phokoso la mu helikopita, la mu ndege ya mapiko ozungulira ndi la mu jeti yamakono n'losiyana kutali. Maikolofoni akakhala pafupi ndi milomo kapena patali, liwu lomwelo limamveka mwina. Komanso munthu aliyense ali ndi liwu lake lobadwa nalo. Kuti mudziwe kuti lakwera muyenera kudziwa pamene limakhala masiku onse, ndipo kuti mudziwe zimenezo muyenera kusunga mawu a munthuyo pamodzi ndi dzina lake. Apa ndi pamene kafukufuku amasandulika faelo, mwakachetechete, popanda amene wasankha kuti zitero.

Nkhani ya chiyankhulo ndiye ndikuti muiganizire usiku. Oyendetsa ndege ambiri padziko lapansi Chingerezi anachiphunzira atakula. Kuyambira mu 2008 ICAO imafuna kuti oyendetsa ndi olondolera a maulendo a pakati pa mayiko afike pa Level 4 ya Chingerezi, ndipo ambiri amafikadi. Koma munthu wolankhula chiyankhulo chachiwiri amapuma pang'ono asanayankhe, amalankhula modekha, ndipo katchulidwe kake kamasokoneza kompyuta imene inaphunzitsidwa ndi mawu a ku America kapena ku Britain. Makina otere adzamuika chizindikiro chofiira tsiku lililonse, pamene mwini chiyankhulo amene akuthamangitsa mawu n'kumameza manambala adzaoneka waluso. Chikhalirecho malamulo a ICAO omwewo amati pa wailesi munthu asapitirire mawu 100 pa mphindi. Wodekhayo ndiye akutsatira lamulo.

Ndipo ulemu umabisa zambiri. Pa 25 Januwale 1990 ndege ya Avianca 52, Boeing 707 yochokera ku Colombia, inazunguliritsidwa kupitirira ola lathunthu isanaloledwe kuyandikira bwalo la John F. Kennedy. Italephera kutera koyamba chifukwa cha mphepo, kaputeni anauza wachiwiri wake m'Chisipanishi kuti awauze a pansi kuti ali pangozi. Wachiwiriyo ananena m'Chingerezi kuti mafuta akutha, koma liwu limene malamulo amafuna, lakuti Mayday kapena emergency, sanalitchule. Wolondolera atamupatsa njira yotalikirapo n'kufunsa ngati zili bwino malinga ndi mafuta awo, iye anayankha kuti ndikuganiza choncho, zikomo kwambiri. Injini zinazima, ndege inagwa ku Cove Neck, ndipo anthu 73 anafa. M'chipinda choyendetsera munali moto, pa wailesi munali zikomo.

Mwina mukuti, ndiye mawuwo tiwataye? Ayi, mabwana. Muli chuma, kungoti chuma chake chikunena za inu kuposa za woyendetsa ndege.

M'zaka za m'ma 1990 Kim Cardosi wa ku Volpe Center ku America anamvetsera maola ambiri a zokambirana za oyendetsa ndi olondolera. Anapeza kuti kulakwitsa pobwereza malangizo kunali kosowa, kosafika kamodzi pa mauthenga 100 alionse, koma kunkachuluka uthenga ukatalika. Immanuel Barshi wa ku NASA anayesa nkhani yomweyo ndipo anafika pa malangizo akuti uthenga umodzi usapitirire zinthu zitatu. Taganizirani wolondolera akunena mu mpweya umodzi kuti tsikani mufike mafiti 6,000, khoterani kumanzere madigiri 240, chepetsani liwiro lifike 210, QNH 1009, ndipo muitane pa 119.7. Zinthu zisanu, manambala okhaokha, ena ofanana kamvekedwe, ndipo womvayo dzanja lina lili pa batani, maso ali pa mtambo wa mvula umene uli kutsogolo. Akabwereza 240 pa liwiro ndi 210 pa madigiri, walemedwadi, koma wamulemetsa ndani? Wolondolerayo nayenso sanachite mwano. Wadzaza zonse mu uthenga umodzi chifukwa ali ndi ndege zina zambiri zodikira, ndipo wailesi ndi imodzi.

Wailesi ya ndege imalola munthu mmodzi pa nthawi. Awiri akadina pamodzi, omvera amangomva kulira kwa tswii. Pa 27 Malichi 1977 pa bwalo la Los Rodeos ku Tenerife, mu nkhungu, wolondolera ankauza ndege ya KLM kuti idikire, pa sekondi yomweyo a ndege ya Pan Am ankanena kuti akadali pamsewu. Mauthenga awiriwo anaphana, ndipo a KLM sanamve bwino ngakhale umodzi. Anthu 583 anafa. Mpaka lero mawu amaphanabe chotero, ndipo kompyuta ikhoza kuwerenga mosavuta kuti pa chigawo chakuti cha mlengalenga, pa ola lakuti, aphana kangati, oyendetsa apempha kangati kuti uthenga ubwerezedwe, ndi masekondi angati pa mphindi amene wailesi inali yopuma. Ikhoza kupeza ndege ziwiri za mayina ofanana, monga zothera 412 ndi 421, zimene zimakumana pa wailesi imodzi m'mawa uliwonse n'kumalandirana malangizo. Ikhoza kuonetsa kuti pa njira yakuti yotsikira, oyendetsa a makampani onse amachedwa kuyankha pa malo amodzimodzi, zimene zikutanthauza kuti njirayo inajambulidwa mopanikiza, kapena kuti akuuzidwa kusintha msewu woterapo nthawi itatha. Ku Ulaya ntchito ngati ya HAAWAII, imene inatsogoleredwa ndi bungwe la DLR la ku Germany, yayesa kale kuti kompyuta izithandiza wolondolera kugwira zolakwika za pobwereza. Zonsezi sizifuna dzina la munthu ngakhale mmodzi, ndipo zonse zili ndi mankhwala amene ali m'manja mwanu: kugawa chigawo pawiri, kuonjezera wolondolera pa ola lothina, kusintha nambala ya ndege, kujambulanso njira, kuphunzitsa anthu kudula uthenga.

Mbiri ya ntchito yanu yomwe ikuchitira umboni. Pa 1 Disembala 1974 ndege ya TWA 514 inawomba phiri ku Virginia ikutsikira ku bwalo la Dulles, anthu 92 n'kufa, chifukwa oyendetsa ndi wolondolera anamva mosiyana tanthauzo la chilolezo choyandikira bwalo. Pofufuza zinadziwika kuti masabata asanu ndi limodzi m'mbuyomo ndege ya United inatsala pang'ono kuwomba phiri lomwelo pa kusamvana komweko. Oyendetsa ake ananena, koma nkhaniyo inathera m'kampani yawo. Pamenepo ndi pamene panabadwira ASRS mu 1976, njira yakuti woyendetsa ndege kapena wolondolera aziulula cholakwa chake mwakufuna kwake, dzina n'kuchotsedwa. Anaipereka m'manja mwa NASA dala, chifukwa NASA silanga munthu. Anadziwa kuti bungwe limene lili ndi mphamvu yolanda laisensi silingauzidwe zoona zonse.

Tsono taganizirani chimene chidzachitike woyendetsa ndege akadziwa kuti liwu lake likupatsidwa malikisi, ndipo malikisiwo adzaonedwa pa nthawi yokwezedwa pantchito. Anthu awa ndi ophunzitsidwa kale kulankhula modekha ngakhale zitavuta, ndipo kuphunzira kunamiza makina sikudzawatengera mwezi. Adzayankha msanga asanamvetse. Adzabwereza nambala molimba mtima ali ndi chikayiko. Koposa zonse adzaleka kunena kuti "say again", mawu awiri opempha kuti uthenga ubwerezedwe, amene apulumutsa anthu osawerengeka, chifukwa adzakhala atasanduka chizindikiro cha kufooka. Amene akanati "unable" adzavomera malangizo amene sangawakwanitse. Amene akanapempha mphindi zisanu zoti azungulire akonze zinthu adzapitiriza kutsika. Pa lipoti lanu la pamwezi mzere udzaoneka ukutsika bwinobwino, ndipo mudzayamikirana.

Musanene kuti malamulo alipo kale oteteza zimenezi. Alipodi, koma ali ndi mipata. Annex 13 ya malamulo a ICAO imateteza mawu ojambulidwa pa nthawi yofufuza ngozi. Annex 6 imafuna kuti makampani a ndege zolemera kuposa makilogalamu 27,000 azisanthula zimene makina a ndege amalemba pa ulendo uliwonse, ndipo imanena poyera kuti ntchitoyo isakhale yolangira anthu. Koma malamulo amenewa analembedwa pamene panalibe woganiza kuti kompyuta ingamvetsere mawu onse a tsiku lililonse n'kumupatsa munthu aliyense chiwerengero. Lamulo la European Union la 2024 lokhudza AI limaletsa makina oyeza mmene munthu akumvera mumtima pa malo a ntchito, koma limasiya khomo pa zifukwa za chitetezo ndi za chipatala, ndipo limatchula kuti kutopa kwa oyendetsa ndege sikuli m'gulu loletsedwalo. Khomo limenelo n'loyenera kukhalapo. Kungoti chilichonse pa ntchito ya ndege chikhoza kutchedwa chitetezo, ngakhale kuchotsa munthu amene bwana sakumufuna. Ndiye lembani malamulo anuanu makina asanafike: mayina a ndege ndi a anthu azichotsedwa mawu asanasanthulidwe, kiyi yobwezera dzina izisungidwa ndi munthu wosankhidwa ndi oyendetsa ndege eniake monga zimachitikira m'makampani ambiri pa zolemba za makina, ndipo zotsatira zisalowe m'faelo ya ntchito, kwa a inshuwalansi, kapena kwa dokotala wopereka chilolezo popanda mwini wake kudziwa. Olondolera ndege nawo atetezedwe chimodzimodzi, pakuti theka la mawuwo ndi lawo.

Pali mbali imodzi imene ndikuvomereza kuti kumvetsera munthu payekha, nthawi yomweyo, kungapulumutse moyo. Mpweya wa okosijeni ukachepa, munthu sadziwa kuti wadwala, koma lilime limalemera ndipo mayankho amasemphana ndi mafunso. Pa 14 Ogasiti 2005 kaputeni wa Helios 522, imene inanyamuka ku Larnaca, anafunsidwa ndi injiniya wa pansi ngati batani la mpweya wa m'ndege lili pa AUTO. Iye m'malo moyankha anafunsa za mafyuzi a zoziziritsira makina. Amenewo anali mawu ake omaliza pa wailesi, ndipo anthu 121 anafera pafupi ndi Grammatiko ku Greece. Chida chimene chikanagwira kusemphana kotero n'kuchenjeza kuti auzeni avale zopumira n'kutsika, ndingachilandire ndi manja awiri. Onani komabe kuti zokambiranazo zinali pa wailesi ya kampani, osati ya olondolera. Ndipo ganizirani kuti chenjezo likalira wolondolera achite chiyani. Akayamba kufunsa kuti muli bwino, mwatsimikiza, ndiye kuti akuonjezera katundu pa munthu amene makina anena kuti walemedwa kale. Chenjezo labwino n'limene limauza wolondolera kuti afupikitse mauthenga, apereke chinthu chimodzi pa nthawi, achotse ndege zina panjira, kapena asamutsire ndegeyo pa wailesi yakeyake. Ndipo popeza ngozi zenizeni n'zosowa kwambiri poyerekeza ndi mauthenga a tsiku limodzi, ngakhale makina olakwitsa mwa apo ndi apo adzalira kambirimbiri pachabe asanalire koona. Wolondolera akazolowera kulira kwachabe amasiya kutchera khutu.

Ndikudziwanso kumene ena akufuna kuti nkhaniyi ikathere. Opanga ndege akhala akukankha zoti pa maulendo ataliatali pazitsala woyendetsa mmodzi pampando mnzake akugona, bungwe la EASA, loona za chitetezo cha ndege ku Ulaya, linaunika ganizoli, ndipo mabungwe a oyendetsa ndege akulikana. Kuti ganizolo liyende pamafunika chida chotsimikiza kuti wotsalayo ali maso ndipo mutu wake uli bwino. Musalole kuti mawu a pa wailesi akhale chida chimenecho. Pakati pa nyanja, kumene munthuyo angakhale yekha, mauthenga ambiri masiku ano amapita olembedwa kudzera pa njira ya makompyuta yotchedwa CPDLC, ndipo pakhoza kudutsa nthawi yaitali osamveka liwu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo makina omvetsera amene alibe chomvera sangalowe m'malo mwa mnzake wa pampando wa kumanja.

Amene adzabwere kudzakugulitsani makina amenewa mudzawafunse mafunso ovuta, oyendetsa ndege ndi olondolera ali pomwepo patebulo. Anawayesa pa mawu a wailesi yeniyeni, kapena pa mawu oyera a mu labotale? Anawayerekeza ndi chiyani kuti adziwe kuti akulondola, kugunda kwa mtima, mafunso a NASA-TLX, kapena maganizo a wowapangayo? Amalakwitsa kangati pa mawu a akazi, pa anthu a zinenero zosiyanasiyana, pa helikopita, pa wophunzira amene akuuluka yekha koyamba? Akalephera kumva, amanena kuti alephera, kapena amangotulutsa nambala? Ziwerengero zimenezo zisindikizidwe poyera kuti ofufuza ena azitsutse. Wogulitsa akati ndi chinsinsi cha malonda, muuzeni abwerere nazo.

Ndipo poyambira musayambe ndi munthu. Sankhani chigawo chimodzi chotanganidwa, chotsani mayina onse, muwerenge kwa miyezi ingapo kutalika kwa mauthenga, kuphana kwa mawu, kupempha kubwereza, ndi kuchedwa kuyankha, ola ndi ola. Zotsatirazo mukazionetse kaye kwa olondolera a chigawocho ndi kwa oyendetsa amene amadutsamo, muwafunse ngati zikugwirizana ndi zimene iwo amadziwa. Kenako sinthani chinthu chimodzi chimene atchule, muyezenso.

Ine wanu,
Wokwera ndege amene amatsatira nkhani za chitetezo cha maulendo a pandege